Matchaina ndi Ajava: chifukwa chake Solo inapsa koma Lasem inatsala

M'tauni yaing'ono ya Lasem, kugombe la kumpoto kwa chilumba cha Java ku Indonesia, muli kachisi wa Matchaina wotchedwa Gie Yong Bio. Mwa mafano amene anthu amafukizira lubani m'kachisimo muli limodzi lovala Chijava. Ndi la Raden Panji Margono, mwana wa banja la mafumu a Lasem, Msilamu, amene anafa akumenyana ndi Adatchi m'zaka za m'ma 1700 ali mbali imodzi ndi atsogoleri a Matchaina. Zidzukulu za Matchainawo zinamupatsa guwa m'nyumba ya mapemphero awo, ndipo zimamulemekeza mpaka lero.

Ulendo wa maola angapo kulowera kumwera kuli mzinda wa Solo, umene dzina lake la boma ndi Surakarta. Kumeneko mitundu iwiriyi inasakanikirana kwambiri: chinenero cha pamsika n'chimodzi, zakudya n'zofanana, ndipo m'makwalala ena akhala akukwatirana kwa mibadwo. Koma pa 14 ndi 15 Meyi 1998 magulu a anthu anatentha masitolo, mabanki ndi magalimoto mumzindawo, ndipo osakidwa kwambiri anali Matchaina. Eni masitolo ena analemba pazitseko kuti malowo ndi a mbadwa, kuti moto uwadumphe. Ku Lasem zipolowe zotere sizinachitike.

Akatswiri a za kakhalidwe ka anthu akamafotokoza kusiyana kotereku amatchula social capital, umene tingautche mpamba wa ubale. Ndi zonse zimene munthu amapeza chifukwa cha anthu omudziwa ndi kumukhulupirira: katundu wa pangongole popanda chikole, uthenga wa ntchito isanalengezedwe, khamu lobwera pamaliro, munthu wogogoda usiku kudzachenjeza kuti kunja sikuli bwino. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Akatswiriwo amangoonjezera funso loti waika kwa yani. Robert Putnam wa ku America anagawa ubalewu pawiri: womanga anthu ofanana, a mtundu umodzi kapena chipembedzo chimodzi, ndi wolumikiza anthu osiyana. Woyambawo umathandiza pamavuto ndi pamalonda. Koma ukakula wokha, mitundu iwiri imatha kukhala khomo ndi khomo, uliwonse wogwirana mkati mwake, popanda wina wodziwa za mnzake.

Ubale woyambawo Matchaina a ku Java ali nawo wochuluka, Ajava chimodzimodzi. Nkhani yagona pa wachiwiriwo, ndipo kukula kwa magulu awiriwa n'kosiyana kutalitali. Kalembera wa 2010 anapeza Ajava oposa 95 miliyoni, pafupifupi anthu 40 mwa 100 alionse a ku Indonesia, pamene odzitchula kuti ndi Matchaina anali pafupifupi 2.8 miliyoni m'dziko lonse. Nambala yachiwiriyi ambiri amati ndi yochepa, chifukwa anthu amene anatha zaka zambiri akubisa kumene anachokera sathamangira kuuza wa kalembera.

Amuna obwera opanda akazi

Matchaina sanabwere ku Java ndi atsamunda. Pamene zombo za Zheng He, mkulu wa zombo za mfumu ya ku China, zinkayenda m'nyanja za kumeneko pakati pa 1405 ndi 1433, womasulira wa paulendowo, Ma Huan, anapeza kale midzi ya amalonda ochokera ku Guangdong ndi Fujian m'madoko a Tuban, Gresik ndi Surabaya, ndipo analemba kuti ambiri anali Asilamu. Kwa zaka mazana angapo obwerawo anali pafupifupi amuna okhaokha. Ankakwatira akazi a komweko, ana n'kukula akuyankhula chinenero cha amayi awo koma akufukizira lubani makolo a bambo awo. Mbumba imeneyi ndi imene imatchedwa peranakan, kusiyana ndi totok, amene anabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900 ali ndi akazi awo ndi zinenero zawo. Ena mwa oyambawo analowa Chisilamu, natenga maina a Chijava, n'kuzimiririka pakati pa Ajava.

Kampani ya Adatchi ya VOC itamanga Batavia mu 1619, pamalo pamene lero pali Jakarta, inawafuna kwambiri Matchaina monga amisiri, olima nzimbe ndi ogulitsa. Inaika mmodzi wa iwo, Souw Beng Kong, kukhala kapitawo wowayang'anira. Patapita zaka zoposa 100 mtengo wa shuga unatsika, antchito ambiri a m'zigayo za nzimbe anasowa chochita, ndipo mphekesera inamveka yoti Adatchi akuwakweza zombo n'kukawaponya m'nyanja. Ena anaukira. Mu Okutobala 1740 Matchaina pafupifupi 10,000 anaphedwa ku Batavia.

Opulumuka anathawira kum'mawa, ndipo Ajava ambiri anawalandira n'kumenya nawo nkhondo. Pakubuwono II, mfumu ya ufumu wa Ajava wa Mataram, poyamba inali nawo, koma itaona kuti Adatchi akulimba inatembenuka. Mu 1742 asilikali a Matchaina ndi Ajava pamodzi analanda nyumba yake yachifumu ku Kartasura n'kulonga mnyamata wa banja lachifumu amene amakumbukika ndi dzina loti Sunan Kuning. Adatchi ndi owathandiza anabwezera Pakubuwono pampando, iye n'kuwalipira ndi gombe la kumpoto, ndipo popeza nyumba yakale inali itadetsedwa ndi adani, anakamanga ina pamudzi wa Sala. Solo inabadwa motero, kuchokera m'nkhondo imene Matchaina ndi Ajava anali kumbali imodzi. Nkhondo ya ku Lasem, ya Panji Margono, Oei Ing Kiat ndi Tan Kee Wie, inali mbali ya moto womwewo.

Kuikidwa pakati

Chimene chinaononga ubalewu kwambiri ndi ntchito imene olamulira anapatsa Matchaina olemera. Boma la atsamunda, ndiponso mafumu a Ajava ku Yogyakarta ndi Surakarta, ankagulitsa ufulu wotolera msonkho kwa wopereka ndalama zambiri. Ogula kawirikawiri anali Matchaina, chifukwa ndi amene ankatha kusonkha ndalama zochuluka kudzera m'magulu awo otchedwa kongsi. Iwo ndi amene ankakhala pazipata zolipiritsa m'misewu, m'misika, m'nyumba zobwereketsa ndalama pa chikole, ndi pogulitsa opiyamu, mankhwala osuta ozunguza bongo amene ankalemeretsa boma. Mayi wosenza mpunga wake kupita kumsika ankalipira pachipata chilichonse. Ndalama yaikulu inkapita kwa mfumu kapena kwa Mdatchi amene mayiyo sakanamuona n'komwe, koma nkhope ya pachipata inali ya Mtchaina. Nkhondo ya Diponegoro, kalonga wa Chijava amene anaukira Adatchi, itabuka mu 1825 zipatazo zinatenthedwa, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho Matchaina a ku Ngawi anaphedwa. Zaka 90 zinali zisanakwane kuchokera pamene Matchaina ndi Ajava analanda Kartasura pamodzi.

Ngakhale woyesa kuoloka malire ankanyozedwa. Tan Jin Sing, kapitawo wa Matchaina ku Yogyakarta, anathandiza Hamengkubuwono III kukhala pampando wa ufumu wa kumeneko, ndipo mu 1813 anapatsidwa udindo wa ufumu wa Chijava ndi dzina loti Secodiningrat. Analowa Chisilamu. Anthu anamupekera mwambi umene ukumvekabe, wonena kuti Utchaina wausiya, Udatchi sanaufike, Ujava wake ndi wosapsa.

Malamulo a atsamunda anadzamaliza ntchitoyo. Anagawa anthu m'magulu: Azungu pamwamba, mbadwa pansi, ndipo Matchaina, Aluya ndi Amwenye pakati monga alendo a kum'mawa. Mtchaina ankayenera kukhala m'dera la Matchaina ndi kutenga chiphaso akafuna kuyenda ulendo. Malamulo a dera ndi chiphasowa anatha m'zaka za m'ma 1910, koma anali atasintha kale maganizo a anthu. Kale Mtchaina wolowa Chisilamu ankakwera, chifukwa ankayandikira mafumu. Tsopano kuwerengedwa ngati mbadwa kunali kutsika pamaso pa lamulo, ndiye ofuna anachepa.

Mmene ubale wolumikiza umadukira zinaoneka bwino ku Solo komweko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunali bungwe lothandizana lotchedwa Kong Sing, mmene munali Matchaina ndi Ajava. Mmodzi wa mamembala ake anali Haji Samanhudi, mwini fakitale ya nsalu za batik ku Laweyan. Nthawi imeneyo boma linali litalanda malonda a opiyamu m'manja mwa Matchaina, iwo n'kutembenuzira ndalama zawo ku batik ndi fodya, malonda amene Ajava ankati ndi awo. Nsalu yoyera ndi utoto zinkadutsanso m'manja mwa opikulitsa a Chitchaina. Kuukira kwa 1911 kutagwetsa ufumu ku China, Matchaina ambiri a ku Java anameta tsitsi lawo loluka lija n'kuyamba kuyenda mutu uli m'mwamba, ndipo Ajava ankati ayamba matama. Samanhudi ndi anzake anatuluka mu Kong Sing n'kupanga gulu lawo la ulonda, Rekso Roemekso, magulu awiriwo n'kumamenyana m'misewu. Gulu la Samanhudi ndi limene linadzakhala Sarekat Islam mu 1912, bungwe loyamba kukoka anthu wamba miyandamiyanda m'ndale za dzikolo. Ndi chinthu chowawa kuchiganizira kuti chiyambi cha gulu lalikulu lomenyera ufulu wa mbadwa chinali kusweka kwa bungwe limene mitundu iwiri inkasonkherana. Mu 1918 dera la Matchaina ku Kudus, tauni ya ndudu za kretek, linatenthedwa.

Pamaliro, pa ulonda, pamsika

Moyo wa Mjava kumudzi, kapena m'dera la anthu wamba la m'tauni lotchedwa kampung, umayendera mangawa ang'onoang'ono osatha. Pakabadwa mwana, pakakhala ukwati kapena maliro, banja limakonza slametan, chakudya cha pemphero chimene aneba amaitanidwako, ndipo amayi amapita kukathandiza kuphika. Pali arisan, chipeleganyu chimene katswiri wa ku America Clifford Geertz anachifotokoza atakhala ku Pare m'zaka za m'ma 1950, mmene kukumana mwezi ndi mwezi n'kofunika mofanana ndi ndalamazo. Pali RT, kagulu ka mabanja makumi angapo kokhala ndi wapampando wake, kamene kanayamba nthawi ya ulamuliro wa Japan. Pali ronda, ulonda wa usiku wosinthana, ndipo m'madera ena olondawo amatola kampunga kamene banja lililonse limasiya pakhomo kuti kathandize thumba la mudzi. Wosaoneka pa zinthu zimenezi amadziwika msanga, ndipo tsiku la vuto lake anthu amabwera akukoka miyendo.

Matchaina nawo ali ndi mabungwe a mfunda, a chinenero monga Hokkien, Hakka ndi Teochew, a kachisi, ndipo makamaka a maliro. Pamalonda katundu amayenda pa mawu. Wopikulitsa wa ku Semarang kapena Surabaya amapereka katundu pangongole kwa wa sitolo ya m'tauni yaing'ono chifukwa amadziwa bambo ake ndi amalume ake, ndipo wothawa ngongole mbiri yake imafika kulikonse iye asanafike. Mjava wofuna kutsegula sitolo yofanana alibe womuikira kumbuyo mumzere umenewu, ndiye amagula ndi ndalama pamanja. Kwa iye limeneli ndi tsankho. Kwa wopikulitsa ndi kusamala chabe. Palibe akunama mwa awiriwa.

Kusamvana kwina kumabadwira pa ulonda. Mwini sitolo amene amatsegula m'mamawa n'kutseka usiku amasankha kulipira munthu womulonderera, kapena kupereka ndalama zochuluka ku RT m'malo mopita yekha kukalambula ngalande. Iye amaona kuti wachita mbali yake, mwinanso kuposa ena. Aneba amaona kuti watumiza ndalama pamene pamafunika nkhope. Kanthu kakang'ono, koma kamaunjikana zaka ndi zaka.

Nsalu ya batik imaonetsa ubwino ndi malire a ubale wa pantchito. Imajambulidwa ndi phula losungunula isanaviikidwe mu utoto, ndipo ndi imene mafakitale a ku Netherlands anaonera popanga zitenje za phula zimene zinafala mu Africa muno. Ku Lasem mabanja a Matchaina ndi amene ankasunga chinsinsi cha utoto wofiira wotchedwa magazi a nkhuku, pamene ojambula anali akazi a Chijava a m'midzi yozungulira. Nsalu yotchedwa tiga negeri imadziwika kuti inkadutsa matauni atatu: kufiira ku Lasem, buluu ku Pekalongan, khofi ku Solo. Pansalu ya Lasem mbalame ndi zinjoka za m'nthano za ku China zimakhala pamodzi ndi mizere ndi masamba a Chijava. Koma tisakometse zinthu. Lipoti la boma la atsamunda la cha m'ma 1930 linapeza kuti m'mafakitale ena a ku Lasem akazi ankamangidwa ndi ngongole, osatuluka kuseri kwa mipanda yaitali. Pali mabanja a Ajava amene agwirira ntchito banja limodzi la Matchaina kwa mibadwo ingapo. Amapita pamaliro a wina ndi mnzake, inde, koma wina ndi bwana, wina wantchito.

Pazakudya ndi zaluso ndiye palibe angalekanitse. Mjava akamadya bakmi, bakso kapena tahu saganiza kuti mainawo anachokera ku Hokkien. Matchaina a ku Java amatseka chikondwerero cha chaka chawo chatsopano ndi lontong cap go meh, mpunga wophikidwa m'masamba a nthochi ndi nkhuku ya mumkaka wa kokonati, chakudya chochokera m'khitchini ya Chijava. Sewero la wayang orang, limene linali la m'nyumba zachifumu, linatulutsidwa kupita pabwalo lolipiritsa mu 1895 ndi Mtchaina wa ku Solo, Gan Kam. Bungwe la maliro la Matchaina a ku Solo, limene linayamba mu 1932 n'kudzatenga dzina loti Perkumpulan Masyarakat Surakarta, lakhala ndi gulu lake la wayang orang. Go Tik Swan, wobadwira ku Solo mu 1931, anapemphedwa ndi Pulezidenti Sukarno kuti apange batik ya dziko lonse, ndipo anaphatikiza mizere ya kunyumba yachifumu ndi mitundu yowala ya kugombe. Nyumba yachifumu ya Surakarta inadzamupatsa udindo wapamwamba ndi dzina loti Panembahan Hardjonagoro. Mbali inayi, zidole za potehi zimene zinachokera ku Fujian lero zimaseweretsedwa kwambiri ndi Ajava, m'makachisi a Matchaina monga wa ku Gudo, pafupi ndi Jombang.

Owerenga aona kuti ambiri mwa maina amenewa ndi a ku Solo, mzinda womwe uja unapsa.

Boma likalowererapo

Ufulu utabwera, maboma atsopano sanachotse malire amene Adatchi anaika. Lamulo la pulezidenti la nambala 10 la mu 1959 linaletsa amene sanali nzika kuchita malonda a m'masitolo kumidzi. Ambiri okhudzidwa anali Matchaina obadwira komweko amene unzika wawo unali usanalongosoke, ndipo anthu oposa 100,000 ananyamuka kupita ku China, dziko limene ambiri anali asanalionepo. Ku Malawi kunachitika zofananako m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Kamuzu Banda linachotsa Amwenye m'masitolo a kumidzi n'kuwasiya m'mizinda ikuluikulu. Lamulo lotere limadula ubale pamalo enieni pamene unali wolimba, pamene wa sitolo ankadziwa aliyense womukongola ndi dzina.

Suharto atatenga mphamvu pambuyo pa kuphana kwa 1965 ndi 1966, boma lake linati lithetsa nkhani ya Matchaina powameza. Sukulu za Chitchaina zinatsekedwa, zilembo zawo zinachotsedwa pazikwangwani. Chigamulo cha mu 1966 chinawakankhira kusintha maina, moti Liem Sioe Liong anakhala Sudono Salim, ndipo lamulo la mu 1967 linati miyambo ndi zikondwerero zawo zizichitikira m'nyumba basi. Koma boma lomwelo linkawafunsa chikalata chapadera chotsimikiza unzika, SBKRI, akafuna pasipoti ndi ziphaso zina, ndipo ntchito za boma ndi za usilikali zinali zovuta kuti azilowe. Chowatsalira chinali malonda. Pamwamba penipeni anthu ochepa monga Salim ankagawana phindu ndi akuluakulu a asilikali ndi banja la pulezidenti, n'kulemera koopsa. Kaikidwe kake ndi komwe kaja ka pachipata: wolamulira akudya kuseri, nkhope yoonekera ndi ya Mtchaina, ndipo mwala ukaponyedwa umagwera wa kasitolo ka zitsulo amene Salim sanamuonepo. Mabungwe ambiri amene akanayankhulira Matchaina poyera anali atatsekedwa, ndiye chitetezo chinkagulidwa mwakachetechete kwa apolisi ndi asilikali. Chitetezo chogula chimatha tsiku limene wogulitsayo wachoka pamalo pake.

Mu Novembala 1980 mkangano wa pamsewu pakati pa mnyamata wa Chijava ndi wa Chitchaina ku Solo unasanduka zipolowe zimene zinafalikira ku Semarang ndi matauni ena. Mu 1998, ndalama ya rupiah itagwa ndi mitengo itakwera, zinabwerera mokulirapo. Ku Jakarta anthu oposa 1,000 anafa, ambiri a iwo osauka amene anapsera m'masitolo akuluakulu, ndipo akazi a Chitchaina anagwiriridwa. Gulu limene boma linakhazikitsa kuti lifufuze linapeza kuti panali anthu okonzekera amene ankasonkhezera makamuwo. Suharto anatula pansi udindo pa 21 Meyi.

Ashutosh Varshney, atafufuza mizinda ya ku India kumene Ahindu ndi Asilamu amakhala limodzi, anapeza mfundo imene ikugwiranso ntchito pano. Kupatsana moni ndi kudyera limodzi kumakwanira pamudzi. Mumzinda waukulu chimene chimaletsa zipolowe ndi mabungwe okhazikika amene mitundu yonse ili nawo ndi chotaya, monga a amalonda, a antchito ndi a ndale. Mphekesera ikabuka pamakhala anthu odziwana oti aizime isanakule. Ku Solo kusakanikirana kwenikweni kunali m'makwalala osauka monga a Balong, ku Sudiroprajan, kumene Mtchaina ndi Mjava ankasauka mofanana. Opulumuka ambiri amanena za aneba a Chijava amene anawabisa m'nyumba zawo kapena kuima polowera m'kampung. Koma masitolo akuluakulu a m'misewu yaikulu analibe aneba otere, ndipo owatentha sanali ogula amene eni ake ankawadziwa. Kuvina wayang bwino sikunateteze sitolo ya munthu kwa khamu losamudziwa.

Lasem ndi yaing'ono, ndipo ili ndi sukulu zambiri zogonera za Chisilamu zotchedwa pesantren, zimene atsogoleri ake, a kiai, mawu awo amamveka m'midzi yonse yozungulira. Mu 1998 a kiai ndi akuluakulu a Matchaina anakumana nagwirizana kuti tauniyo ndi ya onse. Anatha kukumana msanga chifukwa ankadziwana kale. Pambuyo pake pesantren ina inatsegulidwa pakati penipeni pa dera la Matchaina la Karangturi, m'nyumba yakale ya Chitchaina, ndipo ophunzira ake amapita kukapepesa maliro a aneba awo osapemphera nawo. Ngakhale kanyumba ka olonda ka pamenepo kanamangidwa ngati kakachisi kofiira. Komabe pali mbali imene oyamikira Lasem saikonda: achinyamata ambiri a Chitchaina anasamukira ku Surabaya, Semarang ndi Jakarta, nyumba zambiri zakale zatsala ndi okalamba kapena zili mbee. Mtendere suvuta kwambiri pamene chuma choti n'kuchitira nsanje chinachoka.

Kuchokera mu 1998

Malamulo anasintha mofulumira. B.J. Habibie, amene analowa m'malo mwa Suharto, analetsa maofesi a boma kugawa nzika kuti mbadwa ndi osakhala mbadwa. Pulezidenti wotsatira, Abdurrahman Wahid, wotchuka ndi dzina loti Gus Dur, anafafaniza lamulo la mu 1967 lija mu 2000, ndipo kuyambira 2003 chaka chatsopano cha Matchaina ndi tchuthi cha dziko lonse. Lamulo la unzika la mu 2006 linawerenga aliyense wobadwa ali nzika kukhala mbadwa. Zinathandiza kuti Gus Dur anali kiai wa ku Jombang amene anatsogolera Nahdlatul Ulama, bungwe lalikulu la Asilamu, moti mawu ake ankafika kumene lamulo silifika. Ku Semarang bungwe lakale la Matchaina la Boen Hian Tong linaika chikwangwani cha dzina lake paguwa la makolo awo mu 2014, ndipo pomulemekeza linasiya kuika nyama ya nkhumba pansembe.

Ku Solo anthu a ku Sudiroprajan anayambitsa Grebeg Sudiro mu 2007. Anatenga mwambo wa kunyumba yachifumu wonyamula mulu wa chakudya wooneka ngati phiri, n'kuumanga ndi makeke a mpunga womata a chaka chatsopano cha Matchaina, amene khamu limalimbirana pafupi ndi msika wa Pasar Gede. Ena amati ndi chionetsero chokopera alendo basi, ndipo mbali ina akunena zoona. Kwa ine phindu lake lili m'miyezi ya misonkhano isanafike tsikulo, pamene a kukachisi, a kumsika, apampando a RT ndi a kukhonsolo amakangana za ndalama ndi njira yodutsa, n'kusungirana manambala a foni. Chimenecho ndi chimene chinasowa mu 1998.

Malire akadalipo, ndipo ena akukula. Nthawi ya Suharto Matchaina ambiri analowa Chikhristu kapena Chibuda, pamene Ajava ambiri ndi Asilamu, ndipo lamulo la ukwati la mu 1974 limati ukwati umakhala wovomerezeka potsata chipembedzo cha okwatiranawo. Mu 2023 khoti lalikulu linauza oweruza kuti asamavomereze kulembetsa maukwati a anthu osiyana zipembedzo. Njira imene inabala peranakan yatsala yopapatiza. M'mizinda ana a mabanja opeza bwino amapita kusukulu za mipingo n'kubwerera kunyumba za m'mipanda, kumene kulibe ronda koma alonda olembedwa ntchito. Mu 2017 bwanamkubwa wa Jakarta, Basuki Tjahaja Purnama, Mkhristu wa makolo a Chitchaina, anagamulidwa zaka ziwiri pa mlandu wonyoza chipembedzo, pambuyo pa zionetsero zazikulu zimene zinakumbutsa ambiri kuti mawu akale aja sanafe.

Yogyakarta ndi kumene zonsezi zimaonekera pamodzi. Mu Meyi 1998 Sultan Hamengkubuwono X anatuluka yekha kukayankhula ndi makamu, ndipo mzindawo sunapse ngati Solo. Chaka ndi chaka kumachitika sabata ya chikhalidwe cha Matchaina ku Ketandan, dera limene Tan Jin Sing ankakhala, mothandizidwa ndi boma la chigawocho. Koma langizo limene Paku Alam VIII, wachiwiri kwa bwanamkubwa wa chigawocho nthawiyo, anasaina mu Malichi 1975, loletsa nzika zosawerengedwa ngati mbadwa kukhala ndi umwini wonse wa malo, likugwirabe ntchito. Banja la Chitchaina limene lakhala ku Ketandan kwa mibadwo limapatsidwa chilolezo chomanga ndi kugwiritsa ntchito malo kwa zaka zowerengeka, n'kumachiwonjezera chikatha. Bungwe la dzikolo loona za ufulu wa anthu, Komnas HAM, linapempha kuti langizolo lichotsedwe, ndipo anthu angapo analitengera kukhoti, koma milandu yawo sinaphule kanthu.